Kavalo wa Makutu Aatali

M'dziko la Zilibwino munalibe kavalo ngakhale mmodzi, koma munali Wamkulu wa Akavalo a Mfumu. Dzina lake anali Yotamu Chikakwiya, bambo wamfupi, wadazi lowala, wosakonda mikangano. Ntchitoyi anaipeza kudzera mwa malume a mkazi wake, amene ankatsegula zitseko ku nyumba yachifumu, ndipo ankadziwa bwino zitseko zofewa. Yotamu anali ndi ofesi yake, mpando wozungulira, chikwapu chopachika pakhoma, ndiponso khola lalikulu lamalata limene mkazi wake Esinati ankasungiramo nkhuku ndi maungu.

Akavalowo anaitanitsidwa kalekale kuchokera kunja. Munthu akafunsa, yankho linali limodzi: ali m'njira. Anakhala m'njiramo mpaka ana amene anabadwa chaka choitanitsacho anayamba kumera ndevu. Yotamu sankadandaula. M'mawa ankapukuta chikwapu, masana ankazungulira pampando, madzulo n'kubwerera kunyumba atatopa ndithu.

Mavuto anayamba pamene Mfumu Ndakhalitsa Yachiwiri inabwerako ku ulendo wa ku maiko ozizira. Isanavule ndi nsapato zomwe, inaitanitsa bwalo la nduna mumzinda waukulu wa Ombanimmanja.

"Nduna zanga," inatero Mfumu, "kumene ndinapitako ndaona chitukuko ndi maso angawa. Anthu olemera, okhala ndi magalimoto pakhomo, amawasiya n'kukalowa m'nkhalango wapansi. Alibe nkhwangwa, alibe mtolo pamutu. Ndinafunsa kuti kodi akupita kuti anthuwa? Anandiyankha kuti sakupita kulikonse."

Nduna zinaomba m'manja.

"Ena ali pa njinga, kumbuyo kulibe munthu, kulibe thumba la chimanga. Ena ali pa akavalo. Onse akutuluka thukuta, koma akumwetulira. Nanga anthu anga? Munthu wa kuno akamayenda ndiye kuti akupita kuchigayo, kapena kumaliro, kapena akuthawa apongozi. Kumeneko ndiko kutsalira. Kuyambira lero Nkhalango ya Msadule ikhala paki. Anthu anga aziyenda osapita kulikonse."

Nduna zinaombanso m'manja, kupatula imodzi imene inatsamwa malovu. Imeneyi inali Nduna ya Nkhalango, Mithunzi ndi Mphepo Yabwino, Olemekezeka a Tsekamaso. Atamwa madzi anaomba m'manja okhaokha kuti apeze anzawo.

"Ndipo pakiyo ndidzatsegula ndine, nditakwera kavalo," Mfumu inapitiriza. "Chikakwiya ali kuti?"

Yotamu anali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera, pamene ankakhala nthawi zonse chifukwa pankawomba kamphepo kogonetsa. Wina anamugwedeza. Anadzambatuka n'kugwada.

"Akavalo anga ali bwanji?"

M'dziko la Zilibwino funso lotere linali ndi yankho limodzi lokha. Amene ankayesa yankho lina ankatumizidwa ku boma la Iwalani, kumene kunalibe msewu, ndipo amene anapitako achibale awo ankawatchula ngati anthu akale.

"Ali bwino, Mwini Dziko," anatero Yotamu.

"Undikonzere wofatsa."

Atafika kunyumba anakhala pakhonde osavula jekete. Esinati anamupeza akuyang'ana khola ngati kuti mwina mutuluka china.

"Bambo a Tadala, mwadwala?"

"Akufuna kavalo."

"Ndani?"

"Mwini wake."

Esinati anaika pansi lichero la nyemba. Anayang'ana nyumba ya boma imene ankakhalamo, anayang'ana ana akusewera pabwalo, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Ine ku Iwalani sindipita," anatero. "Nkhuku zanga sizingafike. Mawa mudzuke mupite kumsika mukaonane ndi a Nangondo a ku tchalitchi kwathu aja. Ali ndi chinthu cha miyendo inayi."

"Amayi a Tadala, uja ndi bulu."

"Nanga inu muli ndi chiyani?"

Kutacha Yotamu anapita ku Msika wa Tingoona. Anafika wolengeza wa Mfumu ali pamwamba pa mgolo, akuwerenga lamulo latsopano ndi chimkuzamawu. Nzika iliyonse yokonda dziko lake iziyenda m'paki. Woyenda azibereka chikwama kumsana, koma chikwamacho chisakhale ndi kanthu kogulitsa. Akabaza azipalasa njinga zawo popanda wokwera. Aliyense azimwetulira. Wopezeka akuyenda ndi cholinga adzafunsidwa mafunso.

"Pepani achimwene," anatero mayi wina wogulitsa tomato, "ine ndimachokera ku Mapiriawo wapansi tsiku ndi tsiku. Kodi mayendedwe amenewo angawerengedwe?"

"Ayi mayi. Inu mumakhala mukubwera kuno."

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda molakwika?"

"Mwakhala mukuyenda mosaphunzira."

"Zikomo potidziwitsa," anatero mayiyo, n'kupitiriza kupanga milu ya tomato.

Wakabaza wina anakweza dzanja. "Tikapalasa opanda munthu, ndiye titsitsa ndani tikafika?"

"Simufika," anayankha wolengezayo. "Chitukuko chake ndi chimenecho."

Yotamu anawapeza a Nangondo kuseri kwa mabenchi a kabichi akumasula matumba pamsana pa bulu wawo. Anali mayi wamtali, wamasiye, wa mawu ochepa. Buluyo anali wotuwa, wamimba yogwa, wamaso a munthu amene anamva kale zonse. Dzina lake anali Ndatopa. M'mawa ankanyamula ndiwo zamasamba kubwera nazo kumsika, masana ankakatenga makala, ndipo ana a a Nangondo ankadya ndi kuvala kuchokera pamsana pakepo.

Yotamu anapereka moni wautali, anafunsa za ana, za mvula, za kwaya ya amayi. Kenako ananena chimene anadzera.

A Nangondo anasiya kumasula matumba.

"Bambo Chikakwiya, mukufuna Ndatopa akanyamule Mfumu?"

"Kwa tsiku limodzi lokha, mayi."

"Wanyamulapo zolemera kuposa pamenepo. Koma ndikakana?"

Yotamu anaweramitsa mutu. "Mukakana, ine ndi banja langa tipita ku Iwalani. Kenako wina adzakumbukira kuti kumsika kuli bulu, ndipo adzabwera asilikali. Iwo sapereka moni."

A Nangondo anasisita khosi la Ndatopa. "Ndikubwerekani chifukwa cha Esinati. Koma mundilonjeze pamaso pa anthu a kabichiwa kuti mudzamubweza nokha, ndi manja anu, ali ndi makutu ake onse. Ameneyu ndiye khasu langa, ndiye munda wanga."

"Ndikulonjeza."

"China. Ndatopa sakokedwa. Amapita kumene amadziwa."

Mawu omalizawa Yotamu sanawamvetsere bwino, chifukwa mtima wake unali kale pa makutu. Anali makutu aatali kwambiri, oima ngati masamba a chimanga chothira feteleza.

Anapita naye kwa a Tsekamaso, amene ankayang'anira mwambo wonse, ndipo anaulula zoona. Anadabwa kuona kuti nduna sinakwiye. Inkaoneka ngati munthu amene ali ndi nkhawa zake zazikulu kuposa makutu a bulu.

"Chikakwiya, vuto lako ndi loti umaganiza ngati munthu wamba," anatero a Tsekamaso. "Boma silisaka kavalo. Boma limalengeza."

Tsiku lomwelo bwalo la nduna linakhala pansi popanda Mfumu, n'kukhazikitsa lamulo loti nyama iliyonse ya miyendo inayi imene Mfumu yakhala pamsana pake ndi kavalo. Nduna ya Zamaphunziro inawonjezera kuti akavalo a makutu aatali ndi mtundu wapamwamba, wosowa, wowetedwa mwapadera kuti uzimva bwino malamulo. Nduna ya Zofalitsa Nkhani inalamula kuti kulira kwa nyamayo kuzitchedwa nyimbo. Wolengeza uja anakawerenga zonsezi pa mgolo kumsika. Anamusokera Ndatopa chinsalu chofika m'maondo chokhala ndi nkhope ya Mfumu mbali zonse, ndi kachipewa kangayaye. Ndatopa anadya ngayayezo.

Tsiku lotsegulira paki linafika. Pachipata cha Nkhalango ya Msadule anamangapo nsanja, ndipo anthu anabwera ndi malole kuchokera m'maboma onse kudzayenda mwa kufuna kwawo. Anawagawira zikwama zopanda kanthu. Akabaza anafola mzere, aliyense akucheukira kumbuyo kwa njinga yake ngati munthu woferedwa. Mayi wa tomato uja analiponso, atabereka chikwama chake ndi chitenje ngati mwana.

Yotamu anali asanalowepo m'nkhalangomo chikulire. Ataona njira imene anakonza, mtima wake unatsika pang'ono. Inali njira yokongola, yosesedwa, yothiridwa mchenga woyera. Mbali zonse kunali misuku, mimbawa ndi miwanga italiitali, nthambi zake zitakumana pamwamba. Munali kamphepo konunkhira masamba onyowa. Mbalame zinkaimba mokoma, ngakhale kuti zonse zinkaimba nyimbo imodzi, ndipo zinkayambira pamodzi. Atakweza maso anaona nsapato zakuda zikulendewera panthambi. Anali apolisi a bandi, atakhala m'mitengo, akuimba mluzu.

Anatsitsa maso msanga. Sizinali za ofesi yake.

A Tsekamaso analankhula mpaka dzuwa linasuntha. Anati nkhalangoyi ndi mapapo a dziko, ndipo iwo eni akhala akuisamala ngati mwana wawo wobereka. Anachenjeza kuti aliyense aziyenda m'njira ya mchenga yokha, osapatukira kumanzere kapena kumanja, chifukwa mitengo ya mkati ndi yamanyazi, siizolowera anthu. Anthu anaomba m'manja, mbalame nazo zinaomba m'manja, imodzi mpaka inagwetsa chipewa.

Kenako Mfumu inatsika pansanja itavala nsapato zofika m'maondo zimene inagula kunja kuja. Inaima patsogolo pa Ndatopa. Inayang'ana makutu.

"Ameneyu ndiye wofatsa uja?"

"Ndi yemweyu, Mwini Dziko."

Mfumu sinanenenso kanthu. Nduna zinayi zinaikweza, ndipo itangokhala pamsana, Ndatopa anasanduka kavalo monga mwa lamulo. Ng'oma zinalira. Ulendo unayamba: Yotamu patsogolo atagwira chingwe, Mfumu pakavalo, nduna pambuyo zikupuma mwaphuma, kenako akabaza, kenako anthu a zikwama akumwetulira mwa lamulo.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Ndatopa ankayenda mwaulemu, mutu uli pansi. Mfumu inkagwedeza dzanja kwa mitengo. Yotamu anayamba kuganiza kuti mwina madzulo adzadya ndi mtima umodzi.

Atafika pa mtengo wina waukulu wa mkuyu, njira ya mchenga inakhotera kumanja. Kumanzere kunali mpanda wa nthambi zaziwisi zongozika kumene. Ndatopa anaima. Ananunkhiza mpandawo. Kuseri kwake kunali kanjira kamene ankadutsa masana alionse.

"Kumanja, Ndatopa," ananong'ona Yotamu. "Chonde, bambo wanga, kumanja."

Ndatopa analowetsa mutu m'nthambi zija n'kudutsa ngati palibe kanthu. Yotamu anakoka chingwe ndi manja awiri, anakumba pansi ndi zidendene, koma chingwe ndicho chinamukoka iye. Kumbuyo a Tsekamaso anakuwa kuti, "Gwirani kavalo! Gwirani kavalo!" Koma ndani akanagwira nyama imene Mfumu yakhalapo? Ndatopa, pomva phokoso, anayamba kuthamanga kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. Mfumu inagwira makutu aja ngati mahandulo a njinga.

Anadutsa mzere umodzi wa mitengo, wachiwiri, wachitatu. Kenako dzuwa linawamenya kumaso.

Nkhalango inathera pomwepo. Kutsogolo kwawo, mpaka kumapiri, kunali zitsa zokhazokha. Zitsa zakale zakuda, zitsa zatsopano zikutuluka utomoni. Apa ndi apo panali milu ya dothi ikufuka utsi, mauvuni a makala, ndi matumba ataunjikidwa ngati nyumba. Mitengo yonse ya Msadule inali ija ya m'mbali mwa njira, yosiyidwa ngati tsitsi la m'mbali mwa dazi la Yotamu.

Ndatopa anayenda molunjika mpaka pa mulu wina wa matumba, anatembenuka, n'kuima mwa chizolowezi kudikira katundu. Munthu wina wakuda bii ndi phulusa anali chowerama akumanga thumba. Osacheuka anati:

"Lero wachedwa iwe Ndatopa. Abwana anduna anena kuti awa achoke alendo asana..."

Anacheuka. Anaona nsapato, anakweza maso, anaona nkhope imene inali pansalu ili pamwambanso pa nsaluyo. Anagwada pang'onopang'ono, thumba lili m'manja.

Mfumu inayang'ana kumanzere, inayang'ana kumanja. Utsi unkailowa m'maso. Pambuyo anthu anayamba kutulukira pampanda paja, nduna, akabaza, a zikwama, onse n'kuima duu. Ena anali akumwetulirabe chifukwa panalibe amene anawauza kuti asiye.

A Tsekamaso anafika akupuma ngati mvukuto. Koma munthu sakhala nduna zaka zonsezo popanda lilime.

"Mwini Dziko," anatero, "mwatulukira msanga mphatso imene tinakubisirani. Awa ndi Malo Oonerapo Patali. Tinaona kuti mitengo ikutchinga maso anu kuti musaone kukula kwa dziko lanu, ndiye tinaipempha kuti ipatuke."

Nduna zinaomba m'manja mofooka.

"Nanga utsiwu?" inafunsa Mfumu.

"Wothamangitsa udzudzu, kuti alendo asalumidwe."

Mfumu inatsitsa maso kwa Yotamu, amene anali atagwirabe chingwe, mawondo atasupuka.

"Chikakwiya, kuno zili bwanji?"

Yankho lija linali kale pamilomo. Linali yankho losavuta, limene ankalinena ngakhale ali m'tulo. Koma Yotamu anayang'ana zitsa zija, ndipo yankholo linakana kutuluka.

"Kukutentha, Mwini Dziko," anatero. "Palibe pobisala dzuwa."

Mayi wa tomato anamveka kumbuyo akuuza mnzake kuti, "Koma ndiye taonadi patali."

Tsiku lotsatira bwalo la nduna linakumana kuti lipeze wolakwa, pakuti chinthu chachikulu chotere sichingachitike popanda wolakwa. Mfumu sinabwere, akuti inali ndi msana. Anakambirana m'mawa wonse. Anapeza kuti mitengo siingaimbidwe mlandu chifukwa kulibe. A Tsekamaso sangaimbidwe mlandu chifukwa ndi amene ankatsogolera zokambiranazo. Wotsala anali kavalo. Anamupeza wolakwa pa milandu yopatuka pa ndondomeko, kuthamanga ndi Mfumu, ndi kuonetsa Mfumu zinthu zimene sinapemphe kuona. Chilango chake chinali kukatuta miyala ku Iwalani moyo wake wonse. Pofuna kuti zotere zisadzachitikenso, bwalolo linawawonjezera a Tsekamaso unduna wina, wa Kubzala Mitengo.

"Chikakwiya," anatero a Tsekamaso, "iwe takukhululukira. Ukapereke wolakwayo kwa asilikali dzuwa lisanapendeke."

Yotamu anabwerera kukhola. Anapeza Ndatopa akudya maungu a Esinati, nkhuku zitakwera pamsana pake. Anali atachedwa kale ndi tsiku lathunthu pa lonjezo lake. Anakhala pa chidebe n'kugwira mutu. Akamupereka, nyumba ikhala, mpando wozungulira ukhala, ana apitiriza sukulu. Akamubweza kwa mwini wake, ndiye kuti wabisa mkaidi wa boma.

Esinati anaima pakhomo la khola.

"Bambo a Tadala, mukuganiza chiyani?"

"Ndikuganiza za ana athu."

"A Nangondo nawo ali ndi ana." Analowa m'kholamo. "Ndinanena kuti ku Iwalani sindipita. Koma kukhala benchi limodzi ndi mayi uja Lamulungu lililonse, ndikudziwa kuti tinamudyera bulu, kumenekonso sindingathe. Muvuleni chinsalucho. Ndisokera ana malaya."

Yotamu anaimirira. Anavula Ndatopa chinsalu chija, anamupukuta, n'kutuluka naye pachipata chakutsogolo, masana dzuwa lili pamutu. Alonda anamuona, koma iwo anauzidwa za kavalo. Anayenda naye mpaka ku Msika wa Tingoona, ndipo ulendo uno panalibe kukokana, chifukwa onse ankapita kumodzi.

A Nangondo anayendera bulu wawo mbali zonse, anagwira makutu, anayang'ana ziboda.

"Mwachedwa," anatero.

"Pepani mayi. Anali ndi mlandu."

"Tamva. Khalani pansi mumwe thobwa."

Asanamalize thobwalo asilikali anafika, motsogozedwa ndi sajeni wamasharubu.

"Tikufuna kavalo wothawa!"

Msika wonse unayang'anana. Wogulitsa nsomba zouma anati iye chibadwire sanaonepo kavalo. Wakabaza anati anamva kuti ali m'njira. Sajeni analoza Ndatopa.

"Nanga ichi?"

"Ameneyo ndi bulu, achimwene," anatero a Nangondo. "Lamulo munatiwerengera pa mgolo apa. Kavalo ndi nyama imene Mfumu yakhala pamsana pake. Tayang'anani bwino pamsanapo. Mukuonapo Mfumu?"

Sajeni anayang'ana. Panali thumba la kabichi. Anazungulira mbali ina n'kuyang'ananso. Anakanda masharubu. Kumanga bulu pamene watumidwa kavalo kukanakhala kutsutsa lamulo la bwalo, ndipo iye analinso ndi ana. Koma kubwerera chimanjamanja sakanatha. Choncho anamanga Yotamu.

Yotamu ankayembekezera kuti apita naye kwa a Tsekamaso. Koma atafika kunyumba yachifumu, wantchito wina anawanong'oneza asilikaliwo, ndipo anamulowetsa kumunda wa kuseri n'kumusiya yekha. Pansi pa mtengo wa mango panali Mfumu, itakhala pa mtsamiro chammbali, itavala patapata. Panalibe nduna, panalibe ng'oma. Popanda zonsezo inkaoneka ngati mkulu wina aliyense wodwala msana.

Yotamu anagwada.

"Akuti wataya kavalo wanga."

"Mwini Dziko, ine..." Anaona kuti ku Iwalani wapita kale, chatsala ndi kukwera lole. "Sanali kavalo. Anali bulu wa mayi wina wamasiye wa kumsika. Ndamubweza. Akavalo anu sindinawaonepo chiyambire ntchito."

Mfumu inathyola katsamba n'kumakapotokola.

"Chikakwiya, ine ndinakulira kwa amayi anga kumudzi, ndisanalowe m'nyumba ino. Ndinkapita kuchigayo ndi bulu. Ukuganiza kuti makutu aja sindinawadziwe?"

Yotamu anakweza mutu. "Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanati uyu ndi bulu, akanaomba m'manja. Ndikanati ndi njovu, akanaombanso. Ndiye ndimangokhala chete kuti manja awo apume." Inasuntha pamtsamiro ikubuula. "Chilowereni ufumu, aliyense amene amanditenga amandipititsa kumene kwasesedwa. Dzulo ndi tsiku loyamba kunyamulidwa ndi wina amene sanauzidwe kopita. Tandiuza, bulu ameneyu amapitanso kuti?"

"Amapita ndi nkhuni kuchipatala cha ku Pirirani. Amakatenga kabichi kutsidya kwa mtsinje wa Mwamvakale."

"Ndiye kuti amadutsa pa mlatho umene ndinatsegula uja. Uli bwanji mlathowo?"



"Chikwangwani chilipo, Mwini Dziko. Bulu amawoloka m'madzi."

Mfumu inatseka maso. Yotamu anadikira kuti iitane asilikali. Mango imodzi inagwa pafupi, palibe anaitola.

"Pita ukamuuze mayiyo," inatero Mfumu pomaliza, "kuti ndikufuna kukweranso. Popanda chinsalu, popanda nduna. Buluyo azingopita kumene amapita."

Yotamu anathamanga mpaka kumsika, chingwe cha asilikali chikadali kudzanja limodzi. A Nangondo anamvetsera uthengawo akusenda masamba ofota a kabichi.

"Lachitatu masana," anatero. "Masiku enawo ali pa ntchito. Ndipo ulendo sungapite wopanda katundu, ndiye akhale pakati pa matumba. Akafika pokwera, atsike ayende ngati wina aliyense."

"Mayi, amenewa ndi Mwini Dziko."

"Dziko ndi lawo, sindikukana. Bulu ndi wanga."

Ndi mmene zinayambira. Lachitatu lililonse anthu a ku Zilibwino ankaona bambo wina wachikulire wa chipewa chamlaza ndi magalasi akuda, atakhala pakati pa matumba a kabichi, Yotamu akuyenda pambali chingwe chili lende. Aliyense ankadziwa kuti ndi ndani, ndipo mwaulemu waukulu palibe ankaomba m'manja. Bamboyo anawoloka Mwamvakale madzi akumufika m'mawondo. Anaima pakhomo la chipatala cha Pirirani n'kumva namwino akuuza odwala kuti mankhwala ali m'njira. Ankabwerera kunyumba osalankhula, ndipo Lachinayi nduna ina inkaitanidwa kumunda wa kuseri n'kutulukako itatuwa.

Sikuti dziko linasintha tsiku limodzi. Mitengo ya Msadule sinabwerere. A Tsekamaso anabzala mbande imodzi pa mwambo waukulu wa ng'oma ndi magule, mbuzi n'kuidya alendo asanabalalike. Koma pa Mwamvakale panayamba kufika miyala ndi simenti, usiku ndi usana, chifukwa nduna ya milatho inamva kuti mvula ikayamba bulu adzawoloka pomwepo ndi katundu wake yense.

Kenako nduna zinatulukira nzeru. M'mawa wina Yotamu atafika kwa a Nangondo anapeza pakhomo pali thumba la madeya, lochokera kwa Nduna ya Zamaphunziro, ndi pempho laulemu loti bulu asamadutse njira ya kusukulu ya Pansipamtengo. Mawa lake panafika mtolo wa msipu wanthete wochokera kwa Nduna ya Zaumoyo. A Tsekamaso anatumiza dengu la makaroti ndi munthu woti azimupesa Ndatopa ubweya. Pasanathe mwezi mimba yogwa ija inakhala mimba yeniyeni, khungu likuwala ngati la nduna.

Yotamu anada nkhawa. Anaima pakhomo akuyang'ana Ndatopa akukukuta makaroti, maso atatseka.

"Mayi, izi ndi ziphuphu," anatero. "Kodi tisabweze?"

A Nangondo anakweza thumba la kabichi, analiika pamsana pa bulu, anamanga chingwe n'kuchikoka ndi bondo. Tsikulo linali Lachitatu, ndipo kabichiyo ankapita kwa aphunzitsi a ku Pansipamtengo.

"Musiyeni adye, bambo Chikakwiya," anatero. "M'dziko muno ndi woyamba kudya za nduna n'kupitabe njira yake."